Supu wa bowa wa mu slow cooker: n'chifukwa chiyani wanga akutuluka wamadzimadzi?

Wophunzira kuphika:
Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi funso limene landisautsa kwa milungu iwiri tsopano. Adokotala anandilangiza kuti ndichepetse mafuta ndi mchere m'zakudya zanga, ndipo popeza ndimaweruka mochedwa kuntchito, ndinagula slow cooker ya malita 3.5, mphika wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono, poganiza kuti ndizisiya chakudya chikupsa m'mawa n'kudzachipeza madzulo. Ndayesa kawiri kuphikamo supu wa bowa. Ulendo uliwonse ndinaduladula bowa woyera wokwana magalamu 500, anyezi mmodzi ndi karoti awiri, ndinathira madzi malita 2, kenako ndinatchera mphikawo pa low, kutentha kochepa kuja, kwa maola 8. Chimene ndinapeza madzulo chinali madzi otuwa, osamveka kukoma kulikonse, bowa akungoyandama pamwamba, ndipo anyezi anali adakali ndi kafungo kauwisi. Sindikufuna kuthiramo kirimu kapena batala chifukwa ndi zomwezo zimene ndikuthawa. Kodi ndikulakwitsa pati, kapena mphika umenewu suyenerana ndi bowa?

Mayi wa ana atatu:
Achemwali, mphika wanuwo ulibe mlandu, vuto loyamba ndi madzi amene munathirawo. Malita 2 pa bowa wa magalamu 500 ndi ochuluka kwambiri, moti ngakhale mukanaphika pamoto wamba supuyo akanatuluka wosukuluka. Ine ndimathira lita imodzi yokha pa bowa wa magalamu 700, ndipo nthawi zina ndimachepetsabe pamenepo.

Mphunzitsi wa sayansi:
Amayi anena zoona, ndipo ndifotokoze chifukwa chake, popeza munthu akamvetsa mmene mphikawu umagwirira ntchito savutikanso kusintha kaphikidwe kalikonse. Bowa watsopano ndi madzi pafupifupi yense: mwa magalamu 100 aliwonse, magalamu 90 kapena kupitirira pang'ono ndi madzi. Akangotenthedwa amatulutsa gawo lalikulu la madziwo, choncho inu munali ndi madzi anu malita 2 kuphatikizapo a bowawo. Mu poto wa pamoto zimenezi sizidetsa nkhawa chifukwa nthunzi imathawa ndipo msuzi umaphwera mpaka kukoma kwake kuunjikana pamodzi. Mu slow cooker nthunzi imagunda chivundikiro, imasanduka madontho, n'kugweranso momwemo. Zimene mwathira m'mawa ndi zomwezo zimene mudzapeze madzulo.

Chachiwiri ndi kutentha. Mphika umenewu sufika patali kuposa pamene madzi amawirira, pa madigiri 100, ndipo nthawi zambiri umakhala m'munsi mwake pang'ono. Koma kufiira kuja kumene kumabwera pa bowa kapena anyezi akamakazingidwa, pamodzi ndi fungo lokoma lija, kumafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 140 kupita m'mwamba, pamalo ouma. Akatswiri amakutchula kusinthaku ndi dzina la Louis-Camille Maillard, wasayansi wa ku France amene anakufotokoza mu 1912: shuga wa m'chakudya amalumikizana ndi tizigawo ta mapuloteni n'kupanga zokometsa zatsopano. M'madzi zimenezi sizichitika mokwanira, ngakhale mutadikira maola 12. N'chifukwa chake anyezi wanu anafewa koma sanasiye kafungo kake kauwisi.

Wophunzira kuphika:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, ndamva bwino. Komabe pamenepa pakundivuta pawiri. Ndinagula mphikawu kuti ndisamaime pachitofu m'mawa, ndipo kukazinga kukutanthauza mafuta, amene ndauzidwa kuti ndichepetse. Kodi palibe njira yopezera kukomako popanda chiwaya?

Mlimi wa bowa:
Mundilole ndiyankhepo, popeza bowa ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Bowa safuna mafuta ambiri kuti afiire, ndipo anthu ambiri amalakwitsa poyamba ndi mafutawo. Bowa wamuwisi ali ngati siponji, amamwa mafuta onse amene mwathira n'kumafunanso ena. Chimene muyenera kuchita ndi kutenthetsa chiwaya chachikulu chopanda kanthu, kuyalamo bowa wodulayo osaunjika, ndi kumusiya osatakasa mpaka atatulutsa madzi ake ndipo madziwo atauma. Pa nthawi imeneyo timibowo ta m'kati mwake timakhala titaphwa, ndiye supuni yaing'ono imodzi yokha ya mafuta imakwanira kumufiiritsa. Ngati bowa ndi wambiri, mukazingeni magawo awiri, chifukwa mukadzaza chiwaya amangobwata m'madzi ake omwe. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi 10 kapena 15, ndipo mungathe kuigwira usiku, kusunga mu furiji, n'kungokhuthulira mu mphika m'mawa. Musaiwale kuthira madzi pang'ono m'chiwaya chotenthacho ndi kupala zofiira zimene zamatirira pansi, chifukwa theka la kukoma kwa supu wanu lili pamenepo.

Nditchulenso za mtundu wa bowa. Woyera amene munagwiritsa ntchito, wofiirira wotchedwa cremini, ndi wamkulu wotchedwa portobello, onsewa ndi mtundu umodzi, Agaricus bisporus. Portobello ndi wofiirira yemweyo atakula n'kutambasuka. Woyerayo ndi amene ali ndi kukoma kofatsa kuposa onse, choncho mukamugwiritsa ntchito yekha supu amakhala wozizira m'kamwa. Sakanizani ndi wofiirira, kapena ndi bowa wa mtundu wina wotchedwa shiitake ngati mungamupeze. Portobello amakometsa ndithu, koma timizere takuda ta kunsi kwa chipewa chake timadetsa supu, moti amene amasamala za maonekedwe amatipala ndi supuni. Bowa wa oyster amakoma kwambiri pokazinga, koma m'kuona kwanga kukoma kwake kumasochera mu supu wophikidwa maola ambiri, ndiye ine ndimamukazinga payekha n'kumuika pamwamba pa mbale pogawa.

Agogo aamuna:
Ana inu, ine ndaphika ndi mphika woterewu kwa zaka zambiri, ndipo sindikugwirizana nanu kwathunthu pa nkhani ya chiwaya. Amene anayambitsa mphikawu, Irving Naxon wa ku Chicago, analandira chiphaso cha luso lakelo mu 1940, ndipo cholinga chake chinali kuphika nyemba popanda munthu kuziyang'anira. Kampani ya Rival itagula luso limeneli inautulutsa mphikawo m'dzina la Crock-Pot mu 1971, ndipo unatchuka chifukwa anthu opita kuntchito ankafuna kungothira zinthu, kuvundikira, n'kumapita. Tikayamba kuuza mwanayu kuti akazinge kawiri usiku ndi kutsuka chiwaya, tamubwezera ntchito imene ankaithawa.

Njira yanga ndi ya bowa wouma. Nditenga magalamu 20 kapena 25 a bowa wouma wa mtundu wa porcini kapena shiitake, ndimamuviika m'madzi otentha okwana kapu imodzi ndi theka kwa mphindi 20, ndimamuvuula n'kumudula, kenako madzi oderawo ndimawasefa pa kansalu koyera chifukwa pansi pake pamakhala timchenga. Madzi amenewo ndi amene amapita mu mphika m'malo mwa madzi wamba ena. Bowa watsopano ndimamuthira wamuwisi, ndipo palibe amene anabwezapo mbale yanga.

Mphunzitsi wa sayansi:
Agogo, njira yanu ili ndi maziko olimba, ndipo sikutsutsana kwenikweni ndi ya chiwaya, chifukwa njira ziwirizi zimabweretsa zinthu zosiyana. Kukoma kuja kofanana ndi kwa msuzi wa nyama, kumene ku Japan amakutcha umami, kunafotokozedwa ndi wasayansi wa kumeneko Kikunae Ikeda mu 1908, atapeza kuti kumachokera ku glutamate, kamodzi mwa tizigawo ta mapuloteni. Bowa ali nayo glutamate mwachilengedwe. Koma shiitake akaumitsidwa kenako n'kuviikidwa amakhalanso ndi guanylate wambiri, chokometsa china cha umami, ndipo ziwirizi zikakumana pa lilime zimakuzana mphamvu kuposa mmene chilichonse chikanachitira pachokha. N'chifukwa chake kabowa kouma kodzaza dzanja limodzi kamasintha mphika wonse. Chimene bowa wouma sangapereke ndi fungo la chinthu chokazingidwa, ndiponso sangachotse uwisi wa anyezi. Ndikanakhala ine, pa tsiku lotanganidwa ndikanatsata Agogo koma n'kukazinga anyezi yekha kwa mphindi 5, ndipo pa tsiku lopuma ndikanachita zonse ziwiri.

Agogo aamuna:
Za anyezi ndikuvomera, aphunzitsi. Ndinali nditaiwala kuti ine ndimagwiritsa ntchito liki, m'bale wake wa anyezi amene ndi wofatsa kuposa anyeziyo, n'chifukwa chake uwisiwo sunkandivuta.

Namwino wopuma pantchito:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma popeza achemwaliwa atchula malangizo a adokotala, ndiyenera kulankhulapo za mchere, chifukwa ndi pamene supu wooneka wathanzi amabisa vuto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndipo amenewo sadzaza bwino n'komwe supuni yaing'ono imodzi. Anthu ambiri supu akasukuluka amathamangira timabulo tokometsera msuzi, osadziwa kuti gawo lalikulu la kabulo kotero ndi mchere. Sosi wa soya nayenso amakometsa bowa kwambiri, koma supuni yaikulu imodzi imakhala ndi mchere wopitirira magalamu 2. Ngati mumugwiritse ntchito, thirani supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri mu mphika wonse, ndipo muwerengere kuti umenewo ndiwo mchere wanu. Chizolowezi chabwino ndi kuthira mchere kumapeto mutalawa, komanso kuyamba mwafinyiramo madzi a mandimu, supuni imodzi yokha, musanaonjezere mchere. Nthawi zambiri chimene lilime likusowa ndi kuwawasa pang'ono, osati mchere.

Bowa payekha ndi chakudya chopepuka ndithu. Magalamu 100 a bowa woyera ali ndi makalori pafupifupi 22 ndi mapuloteni magalamu 3, pamodzi ndi mavitamini a gulu la B, potaziyamu ndi selenium. Yerekezani ndi kirimu wolemera, amene magalamu 100 ake ali ndi makalori oposa 300, kapena supuni yaikulu ya mafuta imene ili ndi pafupifupi 120. Apa muona kuti supuni yaing'ono ya mafuta imene alimi atchula ija, ikagawidwa m'mbale zinayi, si chinthu choti chikudetseni nkhawa. Koma muonenso mbali inayo: supu wa bowa ndi madzi okha sakhalitsa m'mimba, ndipo mukamudya yekha madzulo njala idzakudzutsani usiku. Amafunika chinachake chomulimbitsa.

Mayi wa ana atatu:
Pamenepo mpamene ndimafuna tifike, chifukwa cholimbitsa chomwecho ndicho chimalowa m'malo mwa kirimu. Ndilongosole mmene ndimaphikira ine, mu mphika waukulu ngati wanu womwewo, kuti muone miyeso yake pamodzi.

Ndimatenga bowa watsopano wa magalamu 700, theka woyera theka wofiirira, ndi wouma wa magalamu 20 woviikidwa monga Agogo anenera. Ndimakazinga anyezi mmodzi wamkulu mpaka atafewa ndi kuyamba kufiira, n'kuthiramo adyo wosinja, timagawo titatu, kwa mphindi imodzi yokha kuti asapserere, chifukwa adyo wopserera amawawa ndipo kuwawako sikuchoka ngakhale ataphikidwa tsiku lonse. Bowa ndimamukazinga monga alimi afotokozera, ndipo gawo lina, lodzaza kapu imodzi, ndimalipatula kuti ndidzaliike kumapeto. Pansi pa mphika ndimayamba ndi mbatatesi imodzi yaikulu yosendedwa ndi kudulidwa ting'onoting'ono, chifukwa mu slow cooker ndiwo za mizu zimachedwa kupsa ndipo zimafuna kukhala pansi ndi m'mbali momwe kutentha kumachokera. Pamwamba pake ndimaika anyezi, bowa, phesi limodzi la selari, zonunkhiritsa izi: tsamba limodzi la bay, timitengo tiwiri ta thyme ndi tsabola wakuda wopera. Madzi onse, kuphatikizapo oviikira bowa wouma aja, sapitirira lita imodzi, ndipo amangofika pamwamba pa zinthuzo osazimiza. Mphika uyenera kudzaza kuyambira theka mpaka magawo awiri a magawo atatu. Ndimatchera pa low kwa maola 6 mpaka 7, kapena pa high, kutentha kwambiri, kwa maola 3 mpaka 4.

Zikapsa ndimachotsa tsamba la bay ndi timitengo ta thyme, kenako ndimapera theka la supuyo n'kubwezera momwemo. Mbatatesi yoperedwayo ndi imene imapangitsa supu kukhala wosalala ngati wathiridwa kirimu. Karoti ine sindithira, chifukwa kutsekemera kwake kumaphimba bowa, ndipo ndikukayikira kuti karoti awiri anu aja anathandiziranso kusokoneza supu wanu. Amene akufuna kuyera kwa mkaka angathe kuthira yogati wopanda shuga, supuni imodzi m'mbale iliyonse pogawa. Mkaka, yogati ndi kirimu zisalowe mu mphika m'mawa, popeza zikatenthedwa maola ambiri zimadukaduka n'kusiya timibulu.

Wophunzira kuphika:
Amayi, mwandithandiza kwambiri. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi, chifukwa ine ndimachoka m'mawa n'kubwerako patapita maola 9 kapena 10. Kodi bowa sadzasungunuka? Ndiponso m'malo mwa mbatatesi ndingathiremo nyemba kuti mapuloteni achuluke?

Mlimi wa bowa:
Za kusungunuka musade nkhawa ngakhale pang'ono. Makoma a timaselo ta bowa amapangidwa ndi chitin, chinthu chomwe chimapezekanso m'zigoba za nkhanu ndi tizilombo touluka, ndipo chitin sichiphwanyika ndi kutentha kwa madzi owira monga zimachitira ndiwo zamasamba. Bowa wa maola 10 amatafunika pafupifupi mofanana ndi wa maola 4. Zimene zimavutika ndi nthawi yaitali ndi zokometsera za masamba, zimene fungo lake limatha, choncho pasile ndi zina zofewa muzithira pogawa. Ngati mphika wanu uli ndi wotchi, utchereni maola 7 kuti pambuyo pake usinthire wokha pa warm, pongosunga chakudya chili chotentha.

Pali funso limene simunafunse koma limabwera nthawi zonse, la kutsuka. Ena amaumirira kuti bowa asakhudze madzi, azingopukutidwa ndi kansalu. Ine ndimamutsukuluza msangamsanga pa mpopi nditatsala pang'ono kuphika, chifukwa madzi amene amamwa pa masekondi ochepawo ndi ochepa, ndipo akupita mu supu basi. Choyenera kupewa ndi kumuviika nthawi yaitali, kapena kumutsuka kenako n'kumusunga, popeza amachita nderere msanga. Mu furiji amasungika bwino m'thumba la pepala kuposa la pulasitiki. Mapesi a shiitake ndi olimba, sapsa bwino, koma musawataye: aikeni mu mphika athunthu kuti akometse msuzi, n'kuwavuula musanapere.

Namwino wopuma pantchito:
Nyemba ndi ganizo labwino, ndipo zoyera zikaperedwa zimasalalitsa supu ngati mbatatesi, koma pano pali chenjezo limene sindingalisiye. Nyemba zouma zosaphika, makamaka zofiira zooneka ngati impso, zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, ndipo zoyera za mtundu wa cannellini zilinso naye ngakhale wocheperapo. Poizoniyu amawonongeka nyemba zikawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, koma slow cooker pa low ingathe kukhala maola ambiri osafika pa kuwira kotero, ndipo nyemba zotenthedwa mosakwanira zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa. Choncho muzithira nyemba zophikidwa kale, kapena za m'chitini zimene mwazitsukuluza kuti mchere uchepe, ndipo zilowe ola lomaliza. Balere amalowa m'mawa popanda vuto lililonse, kotala la kapu, kungoti amamwa madzi ndiye muonjezere madzi kapu imodzi.

Chenjezo lina ndi la bowa wotola kutchire. Ndinamvapo anthu akunena kuti kuphika maola ambiri kumapha poizoni aliyense, ndipo limeneli ndi bodza loopsa. Poizoni wa Amanita phalloides, bowa amene amapha anthu ambiri kuposa wina aliyense pa dziko lapansi, saonongeka ndi kuwiritsa, kuumitsa kapena kuuika mu firiza. Choipa kwambiri n'chakuti zizindikiro zimachedwa, zimayamba patapita maola 6 mpaka 24, kenako munthu amaoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuonongeka. Mu mphika wanu muzilowa bowa wolimidwa, kapena amene munthu womudziwadi wamutsimikizira.

Agogo aamuna:
Ndionjezerepo za kupera, popeza ine ndinaphunzira ndi chilonda. Tsiku lina ndinadzaza bulenda ndi supu wotentha, ndinatseka chivundikiro mwamphamvu n'kuyatsa, ndipo nthunzi inakankha chivundikirocho moti supu anafika kudenga, wina n'kunditentha pamkono. Musadzaze kupitirira theka, chotsani kachitsekero ka pakati pa chivundikiro kuti nthunzi izituluka, phimbani pabowopo ndi kansalu kopinda, ndipo yambani pang'onopang'ono. Bulenda ya m'manja, yomwe mumaimiza mu mphika momwemo, ndi yosavuta kuposa pamenepo. Ndipo mwana wanga, pa masiku amene uli pakhomo usamavundukule mphika kuti uone mmene zikuyendera. Kuvundukula kulikonse kumathawitsa kutentha kumene mphika umatenga mphindi 20 kapena kuposerapo kuti ukubwezeretse.

Wophunzira kuphika:
Ndabweranso kudzapereka lipoti, popeza ndaphika dzulo motsata malangizo anu. Usiku wa dzana ndinakazinga anyezi, adyo ndi theka la bowa, chifukwa kunena zoona ndinatopa ndisanafike pa gawo lachiwiri, ndiye theka linalo ndinalithira laliwisi monga amachitira Agogo. Ndinapeza shiitake wouma, ndinathira madzi onse mamililita 900, mbatatesi imodzi ndi supuni yaing'ono ya sosi wa soya, ndipo karoti ndinamusiya. Madzulo nditatsegula chitseko fungo linandilandira, chinthu chimene sichinachitike maulendo awiri oyamba aja. Nditapera theka n'kulawa ndinaona ngati pakusowabe kanthu, dzanja linapita pa mchere, koma ndinakumbukira mawu a anamwino n'kuyamba ndafinyiramo ndimu, ndipo mchere umene ndinaonjezera pambuyo pake unali kungowaza chabe. Cholakwika changa chinali thyme wouma, amene ndinathira supuni yonse yaikulu poganiza kuti ndi wofanana ndi wamuwisi, moti ananunkhira mopitirira. Watsala supu wokwana mbale ziwiri. Kodi ndingamusiye mu mphika momwemo n'kudzangoyatsanso mawa?

Namwino wopuma pantchito:
Ayi achemwali, musatero. Mbiya ya mphikawo ndi yokhuthala ndipo imachedwa kuzizira, choncho supu amakhala nthawi yaitali pakati pa madigiri 5 ndi 60, pomwe tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira. Mukhuthulireni m'makontena osazama, alowe mu furiji pasanathe maola 2 chiphikireni, ndipo mumudye m'kati mwa masiku 3 kapena 4. Potenthetsanso gwiritsani ntchito poto wa pamoto kapena microwave mpaka atawira, osati slow cooker, chifukwa iyo imakwera kutentha pang'onopang'ono kwambiri. Ngati supu wa dzuloyo wagona usiku wonse mu mphika wozimitsidwa, ndibwino mumutaye ngakhale akununkhira bwino.

Mayi wa ana atatu:
Za thyme, wouma ndi wamphamvu pafupifupi katatu kuposa wamuwisi, ndiye ulendo wina supuni yaing'ono imodzi yosadzaza idzakukwanirani. Mukafuna kuphika wambiri wosunga mu firiza, mugwiritse ntchito nyemba zoyera m'malo mwa mbatatesi, chifukwa mbatatesi ikauma ndi chisanu n'kusungunukanso imachita timibulu, ndipo yogati muzidzathira pa tsiku lodya.